Kuwombera chandamale chafufumimba: kagonedwe ka thupi ndi kalunjikidwe ka mfuti

Kuwombera chandamale chafufumimba ndi masewera amene munthu amagona pamimba, zigongono zili pansi, n'kumawombera pepala la mizere yozungulira lomwe laikidwa pa mtunda woyezedwa. Pamipikisano ya mfuti zazitali pali kakhalidwe katatu: kugwada, kugona ndi kuimirira. Mwa zitatuzi, kugona ndiko kokhazikika kwambiri chifukwa thupi lonse limatsamira nthaka. N'chifukwa chake aphunzitsi a asilikali, apolisi ndi alonda a nkhalango za nyama amakonda kuyambira pamenepa akamaphunzitsa ongolowa kumene ntchito.

Anthu a m'boma la Moatize ndi a kumalire a Zóbuè amakumana ndi luso limeneli panjira ziwiri. Ena amaliona pakanema nthawi ya masewera a Olimpiki. Ena amalimva kwa ana awo amene apita ku usilikali, ku sukulu ya apolisi ya Matalane, kapena kukagwira ntchito yolondera nyama m'malo ngati Parque Nacional de Mágoè, yomwe inakhazikitsidwa m'chigawo chino cha Tete mu 2013.

Mfundo yaikulu ya masewerawa ndi imodzi. Wowombera sakankha mfuti ndi manja kuti iloze chandamale. Amasuntha thupi lake mpaka mfutiyo italoza yokha pamene iye akufuna. Zolunjikira za pamfuti amazikonza pomalizira, thupi litakhala kale m'malo.

Mipikisano yake

Kuwombera chandamale kunalipo pa masewera oyamba a Olimpiki a makono ku Athens mu 1896. Bungwe loyang'anira masewerawa padziko lonse, lomwe lero limatchedwa International Shooting Sport Federation, linayamba mu 1907 ndipo likulu lake lili ku Munich m'dziko la Germany.

Mpikisano wodziwika kwambiri wa chafufumimba ndi wa mamita 50, pafupifupi theka la bwalo la mpira. Aliyense amawombera zipolopolo 60. Ku London mu 2012, Sergei Martynov wa ku Belarus analasa pa 10 ndi zipolopolo zonse 60, napeza mapointi 600, kenako anatenga mendulo ya golide. Ku Rio de Janeiro mu 2016 anapambana Henri Junghänel wa ku Germany, ndipo aka kanali komaliza kuti mpikisanowu uchitike pawokha pa Olimpiki. Masiku ano kugona chafufumimba kumaoneka pa Olimpiki ngati gawo limodzi la mpikisano wa kakhalidwe katatu. Pa masewera a Paris mu 2024 anapambana mpikisano umenewu ndi Liu Yukun wa ku China kumbali ya amuna ndi Chiara Leone wa ku Switzerland kumbali ya amayi.

Palinso mpikisano wa mtunda wautali womwe unafala m'mayiko a Commonwealth, bungwe lomwe Malawi ali membala kuyambira 1964 ndipo Mozambique analowa mu 1995. Kwawo kwenikweni ndi ku Bisley m'dziko la England, kumene mipikisano yakhala ikuchitika kuyambira 1890. Gawo lomaliza la mphoto ya mfumu limawomberedwa pa mayadi 900 ndi 1000, ndipo mayadi 1000 ndi mamita 914. Mu 1930 mphotoyi anaitenga ndi mayi, Marjorie Foster, atagonjetsa amuna onse. Kuno kummwera kwa Africa, mipikisano ikuluikulu ya mtunduwu imachitikira ku Bloemfontein m'dziko la South Africa.

Mfuti ndi chandamale

Mfuti ya pa mamita 50 imalowa chipolopolo chimodzi basi pa nthawi. Chipolopolocho n'chaching'ono, cha mamilimita 5.6 m'mimba mwake, cholemera pafupifupi magalamu 2.6. Mfutiyo siloledwa kupitirira makilogalamu 8, ndipo galasi lokuza zinthu sililoledwa kuikidwapo. Zolunjikira zake ndi ziwiri: kabowo kakang'ono kumbuyo, pafupi ndi diso, ndi kamphete kutsogolo, kumapeto kwa mpope. Kabowo ka kumbuyo kali ndi tizitsulo tiwiri topotokola, kena kosunthira m'mwamba ndi pansi, kena kosunthira kumanja ndi kumanzere.

Pachandamale pali malo akuda ozungulira a mamilimita 112.4 m'mimba mwake, omwe pa mamita 50 amaoneka ngati kadontho. Pakati penipeni pali kamzere ka mapointi 10, ka mamilimita 10.4, kukula kwake ngati njere ya chimanga. Pamipikisano ikuluikulu amawerenganso tizigawo ta pointi, kotero kuti chipolopolo cholasa pakatikati chimapeza 10.9.

Masamu ochepa amaonetsa chifukwa chake thupi liyenera kukhazikika. Kuchokera paphewa kufika kukamwa kwa mfuti pali pafupifupi mita imodzi. Kukamwa kwa mfuti kukasuntha milimita imodzi yokha, pa mamita 50 chipolopolo chimakagwera masentimita 5 kumbali. Amene akanapeza 10 amapeza 4.

Kagonedwe

Zonse zofotokozedwa apa ndi za munthu wowombera ndi dzanja lamanja. Wamanzere amangotembenuza.

Wowombera amagona pamkeka, thupi litapendekera pang'ono kumanzere kwa mzere wopita kuchandamale. Msana umakhala wowongoka, mwendo wamanzere utatambasuka motsata msanawo. Ambiri amapinda bondo lamanja n'kulikokera kutsogolo. Izi zimapangitsa kuti thupi ligonere nthiti zakumanzere, mimba ipepukidwe, kupuma kusavute, ndipo kugunda kwa mtima kusagwedeze mfuti kwambiri.

Chigongono chamanzere ndicho chimasenza kulemera kwa mfuti. Chimakhala kutsogolo, kunsi kwa mfuti koma chakumanzere pang'ono. Malamulo a mpikisano amati mkono, kuchokera pachigongono kufika kudzanja, udzuke madigiri osachepera 30 kuchokera pansi, ndipo mfuti isakhudze china chilichonse chotsamira. Dzanja lamanzere silifumbata mfuti. Mfuti imangogona pachikhatho, zala zili zomasuka.

Chogwira mfuti m'malo mwa minofu ndi lamba. Amamumanga kumtunda kwa mkono wamanzere, n'kumudutsitsa kuseri kwa dzanja, n'kukamukoleka kunsi kwa mfuti kutsogolo. Lamba akakungika bwino, mkono sungagwe ngakhale mwini wake ataulekerera. Akakhwepa, mfuti imatsika ndipo munthu amayamba kuinyamula ndi mphamvu. Akathina kwambiri, dzanja limachita dzanzi ndipo mfuti imadumpha motsatira kugunda kwa mtsempha.

Thako la mfuti limalowa paphewa lamanja, pafupi ndi khosi, pamalo amodzimodzi nthawi zonse. Dzanja lamanja limagwira chogwirira, kenako chigongono chamanja chimatsikira pansi pomwe chafikira chokha. Tsaya limatsamira pamfuti, mutu uli chilili, diso lili masentimita ochepa kuchokera pa kabowo ka kumbuyo. Zigongono ziwiri ndi nthiti zimakhala ngati mafuwa atatu: limodzi likasuntha, mphika wapendekeka.

Kumene mfuti imaloza yokha

Munthu akagona motere n'kumasula minofu yonse, mfuti imaloza penapake mwa iyo yokha. Malo amenewo amasankhidwa ndi mafupa, lamba ndi kagonedwe, osati maso. Kawirikawiri pogona koyamba, malowo sakhala pachandamale. Amakhala chakumbali, chakumwamba kapena chakunsi.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokera. Akaona kuti kamphete ka kutsogolo kali kumanzere kwa kadontho kakuda, amakankha mfuti ndi dzanja kuti ifike pakati. Diso limaona ngati zonse zili bwino. Koma minofu yokankhayo imatopa n'kuyamba kunjenjemera, ndipo mfuti ikalira imamasuka mwadzidzidzi. Mfuti imabwerera komwe inkafuna kuloza poyamba, chipolopolo chisanatuluke bwinobwino mumpope. Zotsatira zake ndi mabowo omwazikana, ena pakati, ena kumbali, popanda chifukwa chooneka.

Woyendetsa pulawo amadziwa zimenezi. Ng'ombe zikaima mokhota, akhoza kulimbana ndi zogwirira mpaka mapewa kuwawa, koma mzere ukhotabe. Chofunika n'kuimika ng'ombezo molunjika, pulawo n'kumangoitsatira.

Njira yopezera kumene mfuti ikuloza yokha ndi iyi. Wowombera amagona, n'kulunjika monga mwa nthawi zonse. Kenako amatsinzina, kapena kuyang'ana pansi osadzutsa tsaya. Amapuma kawiri kapena katatu, n'kulekerera mkono wamanzere ndi mapewa. Akatulutsa mpweya amatsegula maso. Pamene kamphete kaloza ndi pamene thupi lake likuloza. Ngati si pachandamale, chofunika kusintha ndi thupi.

Kusuntha thupi

Chigongono chamanzere sichichoka pamalo pake. Thupi lonse limazungulira pa icho, monga chitseko chimazungulira pa mahinjesi.

Mfuti ikaloza kumanzere kwa chandamale, wowombera amasunthira chiuno ndi miyendo kumanzere, ndipo kukamwa kwa mfuti kumapita kumanja. Ikaloza kumanja, chiuno ndi miyendo zimapita kumanja. Mwachidule, miyendo imapita mbali yomwe mfuti yaphonyera. Chigongono chamanja amachidzutsa n'kuchiikanso, kuti chisatsalire pamalo akale n'kumakoka phewa.

Mfuti ikaloza pamwamba, amakankhira thupi kutsogolo pang'ono ndi zala zakumapazi, zigongono zili pomwepo, ndipo kukamwa kwa mfuti kumatsika. Ikaloza pansi, amakokera thupi kumbuyo, ndipo kumakwera. Kusunthaku n'kwakung'ono kwambiri. Chiuno chikasuntha sentimita imodzi, pachandamale pasintha kwambiri.

Ngati mfuti ili pamwamba kapena pansi kwambiri moti kusuntha chiuno sikukwanira, vuto lili pa kamangidwe. Kubweza dzanja lamanzere kumbuyo n'kufupikitsa lamba kumakweza mfuti. Kulipititsa kutsogolo n'kutalikitsa lamba kumaitsitsa. Kutsitsa thako la mfuti paphewa kumakwezanso kukamwa kwake.

Akasuntha, amatsinzinanso n'kuyesa kachiwiri, kachitatu, mpaka potsegula maso apeze kadontho kakuda kali pakati pa kamphete. Akatswiri amachita zimenezi asanawombere chipolopolo chilichonse, chifukwa mfuti ikalira, kapena dzanja likapita kukatenga chipolopolo china, china chake chimasuntha. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Diso, mpweya ndi chala

Diso liyenera kuona zozungulira zitatu zili pakati pa zinzake: kabowo ka kumbuyo, kamphete ka kutsogolo ndi kadontho kakuda, kuwala kowazungulira kuli kofanana mbali zonse. Diso silingaone bwino zapafupi ndi zapatali nthawi imodzi, choncho limayang'anitsitsa kamphete ka kutsogolo, ngakhale kadonthoko kaoneke mwachimbuuzi. Tsaya likatsamira mosiyana ndi poyamba, diso limachoka pakati pa kabowo ndipo chipolopolo chimasokera.

Mfuti isapendekeke mosinthasintha. Ikapendekera kumanzere, zipolopolo zimagwera kumanzere ndi kunsi pang'ono. Ikapendekera kumanja, zimagwera kumanja ndi kunsi. Ena amaipendeketsa dala pang'ono kuti mutu ukhale wowongoka, koma amaipendeketsa chimodzimodzi nthawi zonse.

Munthu wogona chafufumimba akakoka mpweya, chifuwa chimadzutsa phewa ndipo kukamwa kwa mfuti kumatsika. Akatulutsa, kumakwera. Kamphete kayenera kuyenda chokwera ndi chotsika molunjika, kudutsa pakati pa kadontho. Kakamayenda chopingasa, ndiye kuti zigongono sizili bwino. Nthawi yowombera ndi pamene mpweya watuluka, thupi lili phee lisanakokenso wina. Kanthawi kameneka ndi ka masekondi ochepa. Masekondi 8 kapena 10 akadutsa, maso amayamba kuda ndipo thupi limafuna mpweya. Wodziwa amachotsa chala, n'kupuma, n'kuyambiranso.

Kachitsulo kowombera kamakokedwa ndi nsonga ya chala chamkombaphala, molunjika kumbuyo, pang'onopang'ono, popanda dzanja lonse kufinya. Mfuti ikalira, munthu sadzutsa mutu. Amayang'anabe mpaka mfuti itadumpha n'kukhalanso pansi. Ikabwerera pa kadontho pomwe inali, kagonedwe kali bwino. Ikakakhala kumbali, thupi silinaloze pachandamale. Asanaone bowo, amayamba wanena yekha komwe akuganiza kuti chipolopolo chagwera, potchula manambala a pawotchi: 12 koloko ndi pamwamba, 3 koloko kumanja, 6 koloko pansi, 9 koloko kumanzere.

Kuwerenga mabowo ndi kukonza zolunjikira

Bowo limodzi silinena zambiri. Wowombera amayamba waombera zipolopolo zisanu kapena khumi, n'kuona mmene mabowo akhalira.

Mabowo akandanda chotsika, kawirikawiri vuto ndi mpweya wosiyanasiyana m'chifuwa, thako la mfuti losinthasintha malo paphewa, kapena lamba amene akutsetsereka pamkono. Akandanda chopingasa, ndi mphepo, chigongono chotsetsereka, kapena thupi lomwe silinaloze pachandamale. Akamwazikana paliponse, minofu ikugwira ntchito yomwe ikanagwiridwa ndi mafupa ndi lamba. Pa zonsezi, kupotokola zolunjikira sikuthandiza. Sikelo ya pamsika imene nthawi zonse imachotsa kilogalamu imodzi pa thumba la nyemba ingathe kukonzedwa. Imene imanena zina m'mawa, zina masana, pa thumba lomwelo, ilibe pokonzera.

Mabowo akaunjikana pamodzi koma pambali pa 10, imeneyo ndiyo nthawi yokonza zolunjikira. Lamulo lake n'lakuti kabowo ka kumbuyo kamasunthidwira mbali yomwe munthu akufuna kuti zipolopolo zipite. Mabowo akakhala pansi, kabowo kakwere. Akakhala kumanzere, kapite kumanja. Muyezo umatengedwa kuchokera pakati pa gulu la mabowo, osati pa bowo lomalizira.

Kachitsulo kopotokola kamalira kuti "the" pa sitepe iliyonse, ndipo pa mamita 50 sitepe imodzi imasuntha chipolopolo mamilimita ochepa, kutengera ndi kapangidwe. Zilembo zake zimasokoneza. Pa zolunjikira zambiri zopangidwa ku Germany, chilembo chimanena komwe chipolopolo chagwera, pamene pa za ku England chimanena komwe chipite. Choncho wowombera amayesa yekha mfuti yake, n'kulemba m'kabuku masitepe amene wapotokola, tsiku, nyengo ndi zotsatira zake. Owombera mtunda wautali amawerenga ndi mamineti a ngodya. Mineti imodzi ndi pafupifupi masentimita 2.9 pa mamita 100.

Mphepo ndi kutentha

Chipolopolo chaching'ono chimatengeka ndi mphepo. Pa mamita 50, mphepo yopingasa yongogwedeza nthambi zing'onozing'ono ingathe kuchichotsa pa 10 n'kukachigwetsa pa 9 kapena 8. Pa mtunda wa mamita 900 mphepo imasuntha chipolopolo ndi mamita athunthu. Popeza mizere ya mkati mwa mpope imazungulitsa chipolopolo, kawirikawiri chakumanja, mphepo yochokera kumanja imachikankhira kumanzere ndi m'mwamba pang'ono, cha ku 10 koloko. Yochokera kumanzere imachikankhira kumanja ndi pansi, cha ku 4 koloko.

M'bwalo la mpikisano mumakhala timbendera. Wowombera angathe kuchita zitatu: kudikira kuti timbendera tibwerere mmene tinalili pamene ankakonza zolunjikira, kupotokola zolunjikira motsatira mphepo, kapena kulunjika dala pambali pang'ono. Pa mamita 50 ambiri amasankha kudikira.

Nyengo za kuno zimaonetsa bwino mavuto awiriwa. Ku Zóbuè, komwe ndi kumtunda pakati pa mapiri, mphepo ya mwera ya mu Juni ndi Julayi imawomba mosinthasintha, kuno yamphamvu, apo yofooka. Ku Moatize, kuchigwa, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumafika madigiri 40, ndipo mpweya wa pamwamba pa nthaka umaoneka ngati ukuwira, monga umachitira pa tala wa msewu wa EN7 masana. Mpweya wotere umapangitsa chandamale kuoneka ngati chikuvina, kapena ngati chili pamene sichili. Komabe kwa wodziwa ndi wothandiza: akauyang'ana pagalasi loonera patali, komwe mafunde ake akuyenderera ndi komwe mphepo ikupita.

Lamulo ndi chitetezo

Mbendera ya Mozambique ili ndi mfuti, khasu ndi buku, ndipo anthu a kumalire kuno amaidziwa mfuti kuchokera kunkhondo. Pa nkhondo yomwe inatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mabanja ambiri anawoloka pa Zóbuè kuthawira ku Mwanza, ndipo Malawi anasunga anthu othawa kwawo pafupifupi miliyoni imodzi. Mu 1995 bungwe la Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito ya Transformação de Armas em Enxadas, yomwe anthu ankapereka mfuti n'kulandira makasu, njinga, makina osokera ndi malata.

Masewera a chandamale amachitika pansi pa lamulo lomwelo lokhudza mfuti zonse. Boma la Mozambique linakhazikitsa malamulo a mfuti ndi zipolopolo, Regulamento de Armas e Munições, mu 2007. Munthu wamba sasunga mfuti popanda chiphaso chochokera ku polisi, ndipo mfuti zankhondo monga AKM saloledwa kukhala nazo. Mfuti yosula pamudzi, ya gogodela, nayonso ndi mlandu ikapezeka popanda chilolezo. Chiphaso cha dziko limodzi sichigwira ntchito tsidya lina: wofuna kuwoloka ndi mfuti pa Zóbuè kapena pa Mwanza amayenera kukhala ndi chilolezo cha mayiko onse awiri. Wopeza mfuti kapena zipolopolo zakale polima asazigwire. Adziwitse amfumu ndi apolisi.

M'bwalo lovomerezeka muli chimulu cha dothi kapena khoma kuseri kwa chandamale, ndi woyang'anira amene amalamula nthawi yoyamba ndi yosiya. Mfuti iliyonse imatengedwa ngati ili ndi chipolopolo. Kukamwa kwake kumaloza kuchandamale basi. Chala sichikhudza kachitsulo kowombera mpaka zolunjikira zitafika pa kadontho. Wina akapita kutsogolo kukasintha pepala, mfuti zonse zimatsegulidwa n'kuikidwa pansi. Makutu amatsekedwa, chifukwa kulira kwa mfuti kumagonthetsa pang'onopang'ono.

Chimulu chija n'chofunika chifukwa chipolopolo chophonya sichiima pomwe maso alekezera. Ngakhale chaching'ono cha mamilimita 5.6 chingathe kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka, ndipo cha mfuti zikuluzikulu chimafika makilomita atatu kapena kuposerapo. Chikagunda mwala kapena madzi chimanjanja n'kulowera kwina. Wogona chafufumimba ali ndi maso pafupi ndi nthaka, ndipo udzu ungamubisire mwana woweta mbuzi kapena mayi wokolola nandolo. N'chifukwa chake munda, dimba, dambo ndi kuseri kwa mudzi si malo oyeserera mfuti, ngakhale kwa munthu amene ali ndi chiphaso.